Chilengezo: Loweruka Tikambirana Nkhani za Chibwenzi cha Mseri

Abale ndi alongo a m'gulu lathu lowerenga mabuku,

Loweruka likubwerali tikumana ku Harare Gardens 2 koloko masana. Ochokera ku Mbare ndi Highfield, chonde nyamukani msanga.

Tili ndi nkhani ziwiri zazifupi. Yoyamba ndi ya Anton Chekhov ya mu 1899, ya mayi woyenda ndi kagalu ku Yalta, tauni ya m'mbali mwa nyanja. Gurov ndi bambo wapabanja wozolowera kuzembera mkazi wake. Anna, mayi wa kagaluyo, nayenso ngokwatiwa. Atagonana, Anna akudziona wochimwa kotheratu, pomwe Gurov wangodula chivwende n'kumadya mosatekeseka. Ine chivwende chimenecho chimandiwawa mumtima, chifukwa ndi mmene zimakhalira ngakhale kwathu: mwamuna amati ndi chibadwa, mkazi amatchedwa mayina.

Yachiwiri ndi ya Kate Chopin, yolembedwa mu 1898 koma yosindikizidwa mu 1969, mwini wake atamwalira kalekale. Calixta, mayi wapabanja, agona ndi mwamuna wina, Alcée, mvula yamkuntho ikugwa, mwamuna wake atabisala kusitolo ndi mwana, ndipo palibe chilango chomugwera. Ena mudzakwiya nayo. Bwerani mudzatiuze chifukwa chake.

Amayi ndi anankungwi, tikufunitsitsa kumva maganizo anu. Amene alibe nkhanizi anene pa WhatsApp pasanafike Lachinayi, tiwatumizire.