Dandaulo pa ntchito yokonza nyale ya kutsogolo ya galimoto yanga

Area 25,
Lilongwe.

Kwa a Manijala,
Gawo lokonza galimoto.

Bwana,

Ndikulemba kalatayi nditabwera kale pa galaja yanu katatu chifukwa cha nyale imodzi. Ulendo wachitatu ndinapempha kuti ndionane nanu koma anandiuza kuti muli pa msonkhano. Ndinadikira pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka antchito anu atayamba kusamba m'manja kuti akadye nkhomaliro, ndiye ndinangonyamuka. Ndaganiza kuti mwina pepala lingalowe mu ofesi imene ine ndinalephera kulowamo.

Galimoto yake ndi Toyota Probox yoyera yomwe anyamata anu akhala akuichita sevisi kwa zaka zitatu, ndipo nambala yake ili pa malisiti omwe ndaphatikiza. Galimotoyi ndi khasu langa. Kawiri pa sabata ndimadzuka 3 koloko mbandakucha kupita ku Lizulu kukaoda mbatatesi, kabichi ndi tomato, kuti dzuwa likamakwera ndikhale nditafikitsa katundu kwa amayi omwe ndimawaperekera mumsika. Ulendo wopita wonse ndimauyenda mumdima. Kwa munthu wongopita ku ofesi masana, nyale yozima ndi nkhani yodikira kumapeto kwa mwezi, koma kwa ine siingagone.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Nyale ya kumanja inkaphethira ndikagunda dzenje kapena hampu, kenako n'kuyakanso yokha. Patapita masiku angapo inazimiratu, dimu ndi fulu yemwe. Zonsezi ndinamufotokozera makaniko wanu tsiku loyamba, mpaka ndinabwereza kuti imaphethira pa mabampu. Iye sanafunse kanthu. Anatsegula boneti, anasolola babu, n'kuliyang'ana kudzuwa ndi diso limodzi, basi n'kunena kuti "lapsa ili, bwana." Anabweretsa lina kuchokera ku sitolo yanu, analigwira pagalasi ndi zala zagirizi, n'kulilowetsa. Nyale inayaka. Ndinalipira K18,000 ya babu ndi K12,000 ya ntchito. Babu lakalelo ndinalipempha n'kuliponya m'kabokosi ka kutsogolo, poti ine sinditaya zinthu. Chizolowezi chimenechi mayi a kunyumba amandinena nacho, koma ulendo uno chandithandiza.

Panatha masiku 9 okha, nyale ija n'kuzimanso.

Nditabwerera, makaniko yemwe uja anati mababu a masiku ano ndi afeki. Sanakumbuke kuti babulo linachokera pa shelefu yanu yomwe. Anandilimbikitsa kuti ndigule lomwe iye ankalitcha lamphamvu, la 100/90W, lowala mobiriwira, akuti limenelo silipsa wamba. Anapitanso ku bokosi la mafyuzi n'kusintha kena kake komwe sanandionetse. Pa lisiti analemba K25,000 ya babu, K2,000 ya fyuzi ndi K10,000 ya ntchito. Babu la K18,000 lija linatsala komweko, sindinalionenso. Ndivomere kuti ndinachoka ndili wosangalala, chifukwa nyaleyo inkawala ngati ya pa bwalo la mpira.

Zomwe zinachitika sabata yotsatira ndi zimene zandichititsa kukhala pansi n'kulemba. Nditadutsa pa Chimbiya ndinayamba kumva fungo la pulasitiki wopsa. Ndinaganiza kuti ndi anthu akuotcha zinyalala m'mbali mwa msewu. Ndikuyandikira pa Linthipe, m'chifunga cha mwezi wa Juni chomwe inu mukuchidziwa mmene chimakhalira kumtunda kwa Dedza, nyale ya kumanja inathima. Kuno timayenda kumanzere, choncho nyale ya kumanja ndi imene imauza wobwera kutsogolo pomwe galimoto yako yathera. Ikazima, iye amaona kuwala kumodzi chakumphepete n'kuyesa kuti ndi njinga yamoto ya kabaza. Ndi mmene anaganizira dalaivala wa thiraki yomwe ndinakumana nayo. Anadya mzere wapakati mosatekeseka, ine n'kukhotetsera kunja kwa phula, matayala awiri m'miyala, galasi la m'mbali litatsala pang'ono kupita. Mnyamata wondithandiza kunyamula matumba, yemwe anali mtulo, anadzidzimuka akuitana amayi ake. Pakanakhala munthu wa njinga kapena ngolo m'mphepetemo, bwenzi kalatayi ikulembedwa ndi wina.

Ndinaima pamenepo mpaka kunja kutayera. Ku Lizulu ndinafika ena atasankha kale katundu wabwino. Pobwerera apolisi a pamsewu anandiuza kuti ndiyatse magetsi, ndipo ndinalipira chindapusa. Iwo sindikuwadandaula, anagwira ntchito yawo, galimoto inalidi ya diso limodzi.

Tsiku lomwelo ndinapita ku Biwi kwa mdala wina wokonza zamagetsi a galimoto, wogwirira ntchito pansi pa mtengo. Zida zake ndi kababu koyesera kokhala ndi waya, kamita kakang'ono kothetheka galasi ndi sikuludiraiva. Asanagwire chilichonse anandifunsa mafunso atatu: yazima mbali imodzi kapena zonse, yazima dimu yokha kapena ndi fulu yemwe, ndipo isanazime inkatani. Nditamuyankha anangogwedeza mutu.

Ndikufotokozerani zomwe anandiphunzitsa, osati poganiza kuti simuzidziwa, koma kuti muone kufupika kwa njira yomwe makaniko wanu anailumpha. Babu la galimotoyi ndi la mtundu wa H4, la 12V, 60/55W. M'kati mwake muli timawaya tiwiri toyaka, kena ka dimu kena ka fulu, ndipo kumbuyo lili ndi miyendo itatu: wa dimu, wa fulu, ndi wachitatu womwe onse awiri amagawana. Babu likapsa chifukwa chokalamba, kawirikawiri kamaduka kawaya kamodzi, makamaka ka dimu poti ndi kamene kamagwira ntchito kwambiri, ndipo fulu amapitiriza kuyaka. Zonse ziwiri zikazima nthawi imodzi mbali imodzi, munthu amayamba wakayikira fyuzi ya mbali imeneyo kapena soketi. Zikazima mbali zonse, maso amapita ku relay, kachida kotsegula ndi kutseka moto wopita ku nyale, kapena ku swichi ya pa chiwongolero. Ndipo nyale yophethira pa mabampu imakhala ikudziulula yokha kuti penapake pakhwepa, chifukwa fyuzi ikapsa yapsa, siibwereranso. Ngati kukayika kukadalipo, umangosinthanitsa mababu, la kumanja kupita kumanzere. Sizitenga mphindi zisanu ndipo sizifuna ndalama.

Mdalayo anandifunsa ngati ndili ndi babu lina. Ndinatulutsa lakale lija, lomwe makaniko wanu anati lapsa. Analilumikiza ku soketi ya kumanzere, ndipo linayaka dimu ndi fulu, bwinobwino. Bwana, ndinaseka, koma sikunali kuseka kokondwa.

Kenako anasolola soketi ya kumanja. Pulasitiki yake inali itasungunuka mbali imodzi, itakwinyika ngati thumba la jumbo lomwe layandikira mbaula. Kachitsulo kogwira mwendo wachitatu uja kanali kakuda, kotanuka, kokhala ndi dzimbiri lobiriwira, moti mwendo wa babu unkangolowa n'kutuluka osagwira. Nthenda inali imeneyo kuyambira tsiku loyamba. Nthawi iliyonse makaniko wanu akasolola soketi n'kuibwezera, dzimbiri linkapalika pang'ono, nyale n'kuyaka kwa masiku ochepa, iye n'kumaoneka ngati wakonza. Pamalo pomwe zitsulo sizikugwirana bwino pamatentha ngakhale ndi babu loyenera. Ndiye apo pomwepo anaikapo babu la 100W, lomwe limakoka moto pafupifupi ma amp 8, pomwe dimu ya 55W siifika ngakhale 5. Kunali kuthira parafini pa makala.

Titatsegula bokosi la mafyuzi ndinaona chomwe ndinagula ndi K2,000 ija. Pachivundikiro palembedwa kuti nyale ya kumanja imafuna fyuzi ya 10A, ndipo ya kumanzere inalidi yofiira, ya 10A. Ya kumanja inali yachikasu, ya 20A. Ntchito ya fyuzi ndi kufa kuti mawaya apulumuke. Mukaika yaikulu kuposa yomwe opanga galimoto analemba, ndiye kuti mwasankha kuti mawayawo ndi amene azipsa. Apa ndi pomwe ndinakwiya zenizeni. Kulephera kupeza vuto kumachitika kwa mmisiri aliyense. Koma kuchotsa chitetezo cha galimoto ya munthu osamuuza, n'kumulipiritsanso, ndi nkhani ina.

Mdala uja anayeza ndi kamita kake injini ikulira, n'kupeza kuti batire ikulandira 14.1V, kutanthauza kuti alitaneta, yomwe imatchaja batire, ili bwino ndipo siikuotcha mababu. Anadula soketi yopsayo pamodzi ndi kachidutswa ka waya komwe kanauma ndi kutentha, anawotcherera yatsopano, anabwezera fyuzi yofiira, n'kuika babu langa lakale lija atalipukuta ndi sipiriti. Anandiuza kuti galasi la babu la halogen saligwira ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amachititsa kuti pamalopo pazitentha mopitirira ndipo babu silikhalitsa. Ntchito yonse inatenga mphindi zosakwana 40, ndipo ndinalipira K25,000, soketi ndi ntchito pamodzi. Papita masabata atatu, maulendo 6 a ku Lizulu, nyale sinaphethirepo.

Ulendo wanga wachitatu pa galaja yanu ndinabwera ndi soketi yopsayo m'kapepala. Mayi wa pa kauntala sanafune n'kuiyang'ana komwe. Anati zamagetsi zilibe gerenti, n'kundilozera timawu ta pansi pa lisiti toti katundu akagulidwa sabwezedwa. Sindinakangane nawo, ndikudziwa kuti amanena zomwe anauzidwa. Koma inu mukudziwa kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, komanso kuti bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu oterewa sangawapulumutse ngati katundu kapena ntchito zili zolakwika. Komanso ine sindikubweza babu chifukwa choti ndasintha maganizo. Ndikudandaula kuti ndinagulitsidwa zinthu zomwe galimoto yanga siinkazifuna, ndipo china mwa izo chinaononga mawaya.

Pempho langa ndi ili. Mundibwezere K67,000 yomwe ndinalipira pa maulendo awiri aja, komanso K25,000 yomwe ndinakonzetsera zomwe zinapsa. Zonse pamodzi ndi K92,000. Babu la 100/90W ndi fyuzi yachikasu ndazisunga, ndidzakupatsani, ndi zanu. Chindapusa cha apolisi ndi phindu lomwe ndinataya tsiku lija sindikuziwerengera, ngakhale kuti zinandipweteka. Ndikufunanso kuti mmisiri wanu wa zamagetsi, ngati alipo, ayang'ane mawaya onse a nyale kuchokera ku bokosi la mafyuzi, ine ndili pomwepo, popanda kulipira, kuti titsimikize kuti kutentha kuja sikunafike patali.

Sindikupempha kuti mnyamatayo achotsedwe ntchito. Mabuleki ndi sasipenshoni amakonza bwino, ndipo pa zaka zitatuzi sindinamudandaulepo. Koma zamagetsi sazidziwa, ndipo wina ayenera kumuuza, kapena kumugulira kababu koyesera n'kumuonetsa mmene kamagwirira ntchito. Paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikukayika ngati galimoto yanga ndi yokhayo yomwe yatuluka pa geti lanu ndi fyuzi yachikasu pamalo pa yofiira, ndipo zingakhale bwino mutayang'ana m'mabuku anu kuti ndi ndani ena omwe anagula mababu amenewa.

Ndidikira yankho lanu lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mwalandira kalatayi. Akadutsa ndisanamve kanthu, ndikapereka dandaulo ku CFTC pamodzi ndi malisiti ndi zithunzi. Ndaphatikiza mafotokope a malisiti anu awiri, kapepala komwe mdala wa ku Biwi anandilembera, ndi zithunzi zitatu za soketi ndi bokosi la mafyuzi. Soketi yeniyeniyo ndaisunga, ndipo ndidzabwera nayo tsiku lomwe mungandiitane, kupatula m'mawa wa masiku omwe ndimakhala ku Lizulu.

Ine kasitomala wanu,
Mwini wa Probox yoyera.