Nanga ankhoswe adali kuti m'nkhani ija?

Akonzi,

Ndiloleni nane ndiponyepo mawu pa nkhani yopeka ija mudatisindikizira m'zigawo zitatu mwezi wathawu, ya bambo wa ana awiri yemwe adapita kukagwira ntchito ku Joni, n'kubwerako patatha zaka zinayi atasiya umuna, akuvala ndi kudzitchula ngati mkazi. Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Nkhaniyo ndidaiwerenga kawiri: koyamba chamumtima, kachiwiri mokweza kuwerengera mayi a kunyumba, poti maso awo adayamba kuchita nkhungu ndipo zilembo za pafoni zimawavuta.

Chiyambire pamenepo makalata a awerengi anzanga sakuleka. Ngakhale kumsika kuno, komwe mkangano wa masiku onse umakhala wa mtengo wa feteleza ndi thumba la kachewere, nkhaniyi yalowerera. Sabata yatha ndili mu chapa yopita ku Tete, tidanyamuka pa Ulongwe mpaka kudutsa Moatize anthu akadakokanabe, ena mwa iwo osaiwerenga n'komwe, kungomva kwa anzawo. Ambiri akuti mwatinyazitsa, zoterezi n'zachizungu, kwathu kuno kulibe. Ena akuti ndi mathanyula omwewo, mwangowaveka chitenje. Enanso akuti ndi ufiti. Amayi angapo akwiyira mkazi wa m'nkhaniyo kuti bwanji sadaponye zovala za mwamunayo panja tsiku lomwelo. Achinyamata ochepa ayamikira wolemba kuti ngolimba mtima. Ine dandaulo langa n'lina.

Zoti kwathu kulibezo ndizithane nazo msanga. Ife a m'malire muno, amene tidathawira nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu n'kudzabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Roma wa 1992, wailesi za ku Malawi timazimvera ngati zathu. Ndani adaiwala Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, amene adamangidwa mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre? Mu Meyi 2010 khoti lidagamula kuti aliyense akaseweze zaka 14, ndipo patangopita masiku owerengeka Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira, Ban Ki-moon wa bungwe la United Nations ali m'dzikomo. Nyuzipepala zinkati ndi amuna awiri, koma Tiwonge mwini wake ankanena kuti iye ndi mkazi. Sadachokere ku London ayi, kwawo ndi ku Thyolo. Atangotuluka m'ndende ubwenzi wawo udatha, ndipo Tiwonge adakathera ku South Africa. Munthu atha kudana nazo zimenezi, umenewo ndi mtima wake, koma asanene kuti sizidamvekepo m'Chichewa.

A mathanyula aja nawonso asakaniza mapira ndi mawere. Mathanyula ndi nkhani ya amene munthu akumufuna pamphasa. Iyi ndi ya momwe munthu akudzidziwira yekha, kuti thupi lomwe adabadwa nalo silikugwirizana ndi mtima wake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidachotsa zimenezi pa mndandanda wa matenda amisala mu 2019. Ndipo amene adalemba kuti wolembayo atengeredwe kupolisi adziwe kuti lamulo la atsamunda la 1886, lomwe linkanena za makhalidwe otsutsana ndi chilengedwe, lidasiya kugwira ntchito kuno ku Mozambique mu Juni 2015.

Tsono chomwe chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Ine ndakhalapo nkhoswe wa mabanja angapo, ena akadalipo, ena ndidawasudzula ndi pakamwa panga pomwepa. Nditafika kumapeto kwa gawo lachitatu ndidabwerera m'mbuyo kufunafuna pomwe ankhoswe adalowa. Palibe. Mkazi uja walira usiku umodzi, tambala akulira mtima wake pansi, m'mawa awiriwo akhala pakhonde atagwirana manja, nkhani yathera pompo. Banja la kuti limenelo? Kwathu kuno mwamuna akangogona kunja masiku awiri, wachitatu nkhoswe wamva kale. Tsono munthu wabwerako ku Joni atavala duku, atsibweni ake a mkaziyo, eni mbumba, ali phee?

Wolembayo adati banjalo lili pachikamwini. Ndiye kuti nyumbayo ili pamalo a kuchikazi, munda ngwa kuchikazi, ana nga mbumba ya mayi wawo. Wobwerayo adalowa pamudzipo ngati mkamwini, ndipo mudzi udamulandira chifukwa cha umuna wake womwewo: kufolera denga, kumanga nkhokwe, kubereketsa mbumba. Akausiya umunawo, akhala pamudzipo ngati ndani? Apongozi aakazi, amene zaka zonsezi ankapatukirana naye panjira, tsopano azikatunga naye madzi limodzi? Chikadakhala chitengwa mafunso akadakhala ena, koma akadakhalapo ndithu. Amenewa ndiwo mafupa a nkhaniyo, ndipo wolemba adatipatsa msuzi wokha.

Taganizani za maliro okha. Pamudzi pakagwa zovuta, amayi amagona m'nyumba ya siwa, abambo amachezera panja pamoto, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu. Munthu wathuyu akhala kuti? Akalowa m'nyumba amayi adzakokera zitenje zawo n'kuleka nyimbo. Akapita pamoto abambo adzayang'ana kumbali. Ndipo amene adzafunsidwe m'mawa mwake si iye, ndi mkazi wake. Ana nawo, amene adazolowera kuti ababa, aziti chiyani, ndipo kusukulu anzawo akawaseka adzalirira pa miyendo ya yani? Zaka zomwe ndidakhala ndi choko m'manja zidandiphunzitsa kuti ana alibe chisoni pa mwana mnzawo amene kwawo kwamveka nkhani.

Mnyamata wina adalemba m'kalata yake kuti tikudabwa chiyani, chikhalirecho timaombera m'manja Maliya akalowa m'bwalo la gule, mabere ali pamtunda, akuvina mwachizimayi. Ndidaseka, poti mwanayo ngochenjera, ndipo zambiri sindinena, ometa andimva. Koma gule amabwerera kudambwe dzuwa likapendeka. Mayi wa m'nkhani uja zake sizibwerera kulikonse, adzadzuka nazo mawa ndi mkuja.

Pali chinanso chomwe wolemba adafupikitsa, ndipo ndikuganiza kuti n'chomwe chidapatsa mphamvu aja akuti ndi ufiti. M'nkhanimo kusinthako kukuoneka ngati kwa usiku umodzi, munthu wameza mapilitsi, wadzuka mkazi. Sizitero. Mankhwala ake ndi a mahomoni, ena owonjezera achikazi otchedwa estrogen, ena ochepetsa achimuna, ndipo amagwira pang'onopang'ono, miyezi mpaka zaka, dokotala akuyeza magazi. Mabere amamera, khungu limafewa, mafuta amasamukira m'chiuno. Mawu sasintha ndi mankhwalawo, ndevu sizitheratu. Mphamvu ya kuchipinda imachepa, ndipo mbeu yobereka itha kutha. Mukaziika pamodzi zimenezi muona kuti munthuyu sadasinthe pa tsiku lomwe adatsika basi. Adakhala akusintha zaka, uku akutumiza ndalama za feteleza, akuimba foni Lamulungu lililonse kufunsa za ana, osanena kanthu. Mayi uja akupalira, akukolola, akukana amuna ena, akudikira mwamuna yemwe mwini wake ankadziwa kuti sadzabweranso momwe adapitira.

Bala lenileni lili pamenepo. Pa mphasa za unkhoswe ndamvapo zambiri: wina adabisa mkazi wachiwiri ku Beira, wina adabisa kuti akumwa ma ARV, wina adagulitsa ng'ombe mwakachetechete. Kawirikawiri mayi akayamba kulira, cholakwacho amachitchula pang'ono, chomwe amabwerezabwereza n'choti iye adali womaliza kumva. Sindikuti munthu wa m'nkhaniyo adasankha dala kubadwa ndi mtima wotero. Gawo loyamba, pomwe ali mwana ankabisala kuseri kwa nkhokwe atavala chitenje cha mlongo wake n'kukwapulidwa, lidandigwira mtima, ndipo mayi a kunyumba adapukuta misozi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iye adatsekula patapita zaka zambiri akuvutika yekha. Koma potsekulapo mphepo idalowera anthu ena amene adali mtulo, ndipo wolemba wabwino amayenera kuwaona iwonso akunjenjemera.

Ngakhale boma silimuthandiza mayiyo kudziwa chomwe ali. Ku South Africa kuli lamulo la 2003 lolola munthu kusinthitsa pa zikalata zake kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Kuno lamulo lathu la mabanja limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, kaya ndi wa kuboma, wa kutchalitchi kapena wa chikhalidwe. Ndiye mayiyu si wamasiye, poti palibe adalira maliro kapena kumeta. Si mbeta, poti ankhoswe sadasudzule. Kunena kuti ali pabanja, anzake kumtondo amufunsa kuti ndi yani. Chichewa chathu, cholemera chonchi, chilibe dzina lomupatsa. Wolemba akadaima pamenepo n'kukumba, bwenzi awerengi akukangana za zenizeni, osati zoti kaya zilipo kaya kulibe.

Amayi aja akuti akadamuthamangitsa tsiku lomwelo, ndikuwamva, koma ndikukayika ngati iwowo akadatero. Zaka khumi za banja sizitha ngati moto wa mapesi. Munthu amene adakudikirira kuchipatala uli pakati, amene mudaika naye mwana m'manda, sungamuiwale chifukwa wavala duku. Kukwiya ungakwiye, mwina osafunanso kugona naye chipinda chimodzi, koma nsima n'kumamusungirabe m'mbale. Achinyamata oyamikira aja nawonso asafulumire kunena kuti chikondi chimapirira zonse. Mayiyo adakwatiwa ndi mwamuna, ndipo akanena kuti kukhala ndi mkazi mnzake sangathe, sadalakwire munthu.

Akonzi, ena akukuuzani kuti musadzasindikizenso zotere. Musawamvere. Nthano zathu za pamoto zidali ndi afisi osanduka akamwini ndi atsikana okwatiwa ndi njoka, ndipo agogo sankaopa kuti tisanduka njoka tikamva. Pempho langa n'loti mubwerere kwa wolembayo mukamuuze kuti nkhani yake sidathe. Atipatse gawo lachinayi. Ayale mphasa pansi pa mtengo wa mango, akhazike ankhoswe a mbali zonse ziwiri, atsibweni akhale poteropo ndi chipewa pabondo, ndipo mayi uja apatsidwe mpata alankhule mpaka mawu amuthere. Kaya asudzulana, kaya apeza njira yolerera ana limodzi wina ali kwake wina kwake, kaya akhalabe nyumba imodzi mudzi ukulankhula, zimenezo ndi za wolemba, ine sindimulamula.

Nditamaliza kuwerenga tsiku lija, mayi a kunyumba adakhala chete nthawi yaitali akusola nyemba. Kenaka adandifunsa ngati mayi wa m'nkhaniyo adali ndi mchemwali wake woti akamuuze usiku umenewo. Ndidayang'ananso m'zigawo zonse zitatu, ndipo sindidampeze.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Ulongwe, Angónia