Malangizo takhuta nawo, tilandireniko mwanayu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata nane ndiyankhulepo pa nkhani za pabanja zimene timawerenga m'manyuzi ndi kumva pawailesi. Zikafika pa mayi wa ana aang'ono nthawi zambiri zimakhala malangizo okhaokha, mayi uzidzuka m'mamawa, mayi uzisamala pakhomo, mayi uzimwetulira bambo akafika, mayi usamakalipire ana. Ena mwa malangizowa ndi othandiza ndithu sindikukana, koma onse akulunjika munthu mmodzi yemweyo amene watopa kale, ndipo sindinamvepo wina akufunsa kuti nanga mayiyo apuma nthawi yanji, ndipo akamapuma mwana akhala ndi ndani.

Ine ndili ndi ana awiri, wina woyamwa wina wa zaka ziwiri ndi kanthu. Anthu amene sanaswerepo ndi mwana wa msinkhu umenewu amaganiza kuti chotopetsa ndi kuchapa, kuphika ndi kukolopa. Zimenezo utakhala wekha m'nyumba ukhoza kumaliza dzuwa lisanafike pamutu. Chimene chimamaliza munthu mphamvu ndi chakuti palibe ntchito imene umaiyamba n'kuimaliza osadukiza, komanso maso ako alibe holide. Wanyika matewera m'beseni, wamng'ono wadzuka akulira, wapita kukamutenga, uli pakati poyamwitsa wakumbukira kuti beseni lija lili ndi madzi ndipo wamkulu uja wangoti zii, nde aliyense amene analerapo mwana akudziwa kuti mwana wa zaka ziwiri akati zii ndiye kuti pali chimene akupanga, umathamanga khanda lili kubere n'kukapeza mkulu uja manja onse ali m'thovu akuchapa rimoti ya TV mwaluso lake lonse.

Timaseka zikatha bwino koma si zamasewera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 ali m'gulu la anthu amene amamira kwambiri, ndipo sikuti mpaka mtsinje kapena nyanja ayi, ndowa yomweyi ikwana. Mwana wamng'ono mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, akasuzumira n'kugwera chamutu satha kudzitulutsa komanso sakuwa, umangomva zii yomwe ija. Palinso timabatire tozungulira tija ta m'mawotchi ndi m'zidole, mwana akameza kakakakamira pakhosi kamatha kuotcha kummero koopsa m'maola awiri okha. Onjezerani mankhwala osiyidwa patebulo, madzi owira, chaja ili kusoketi. Nde mayi amene mwamupeza wangokhala pansi ana akusewera pambali pake musamati akupuma, ameneyo ali pa shifiti.

Usiku ndi nkhani ina. Khanda longobadwa kumene limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, silidziwa kuti uku kwada uku kwacha. A WHO ndi a UNICEF amalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba, kenako kupitiriza limodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Manesi akamatiuza zimenezi akunena zoona ndipo ine ndimagwirizana nazo, koma tiziwerengeranso kuti maola onsewo akuchoka pa tulo ta munthu mmodzi. Ndiye taonani masamu ake kwa mayi wapantchito. Mgwirizano nambala 183 wa bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, wa chaka cha 2000, umati tchuthi cha uchembere chisachepere masabata 14, pomwe miyezi 6 ndi masabata pafupifupi 26. Pakati apo mayi amabwerera kuntchito bere likudontha, kumakama mkaka m'bandakucha, kumaimba foni kunyumba pa buleki kufunsa ngati mwana wamwa. Mgwirizano womwewo umanenanso kuti mayi woyamwitsa azipatsidwa nthawi yoyamwitsira ndipo nthawiyo iziwerengedwa ngati wagwira ntchito, koma ndi mabwana angati amene amamuuza wantchito wawo zimenezi? Nanga wa bizinesi yakeyake, amene akapanda kutuluka ndiye kuti tsikulo palibe cholowa, tchuthicho amupatsa ndani?

A ILO omwewo anatulutsa lipoti mu 2018 losonyeza kuti padziko lonse amayi ndi amene amagwira pafupifupi 76 peresenti ya maola onse a ntchito zosamalira pakhomo zosalipidwa. Mayi amathera maola 4 ndi mphindi 25 patsiku, bambo ola limodzi ndi mphindi 23. Ananenanso kuti amayi 606 miliyoni a msinkhu wogwira ntchito sanali pantchito chifukwa chosamalira pakhomo, abambo anali 41 miliyoni. Manambalawa akuphatikiza aliyense, ngakhale amene alibe mwana m'nyumba, nde ganizirani wa ana awiri osakwana zaka zitatu kuti ake angafike pati.

Tsopano abambo, ndikuyankhula mwaulemu chifukwa ambiri a inu mumatopanso kumene mumapitako ndipo mtima wofuna kuthandiza muli nawo. Vuto lili pa mawu aja akuti "undiuze chochita ndikuthandize." Amamveka bwino eti, koma tanthauzo lake ndi lakuti mayi akhalebe ndi mndandanda wonse m'mutu, akumbukire kuti sopo watsala pang'ono, tsiku la katemera layandikira, nsapato za wamkulu zathina, kenako akuuzeni, kenako akukumbutseni, kenako akusonyezeni pamene pali thaulo m'nyumba imene nanunso mumagonamo. Pofika pamenepo amangoti basi ndipanga ndekha, inu n'kumati koma ndinafunsa. Bwanji osangotenga ntchito imodzi yonse ikhale yanu kuyambira poiganiza mpaka poimaliza? Mwachitsanzo kusambitsa ana madzulo. Madzi mutenthetse nokha, muwayese ndi chigongono kuti sakuotcha, zovala zogonera mudziwe zili pati, mafuta odzola akatha mugule osauzidwa, madzi otsala m'beseni mutaye nthawi yomweyo. Mayi asamve n'komwe kuti ana asamba, angowaona akununkhira. Bambo a kunyumba kwanga anatenga imeneyi ndipo ola limenelo ndi limene ndimasamba ine mwini chitseko chili chotseka popanda kamunthu kogogoda.

Amayifenso tili ndi kavuto kathu, ndinene poyera. Bambo akamanga thewera mopendekeka timamulanda mwana n'kumati simutha inu, bweretsani kuno. Nanga aphunzira liti? Ifenso sitinabadwe tikudziwa, tinaphunzira pa mwana woyamba manja akunjenjemera. Thewera lopendekeka silinaphepo munthu, likadontha adzachapa yekha ndipo mawa adzamanga bwino. Ngati wamuveka mwana malaya osagwirizana ndi kabudula, musiyeni, mwana wavala.

Pali inanso nkhani ya foni. Anthu amakonda kudzudzula mayi akaona mwana akuonera makatuni pafoni. Malangizo a WHO a 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri ndi bwino asamaonere konse, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera apo ndiye bwino kwambiri. Chifukwa chake ndi chomveka, mwana amaphunzira kuyankhula poyankhulana ndi munthu amene akumuyankha, komanso amafunika kuthamanga ndi kugona mokwanira, maola 11 mpaka 14 kwa wa chaka chimodzi kapena ziwiri. Zonsezi ndikuvomera. Koma mayi amene wapereka foni nthawi zambiri amakhala ali ndi poto wowira pamoto ndipo akufuna mphindi khumi zoti mwana asamuzungulire m'miyendo. Foniyo yalowa pamalo a munthu amene sanabwere. Wodzudzulayo akanangomutenga mwanayo n'kupita naye panja kukaona agalu ndi magalimoto odutsa, foni bwenzi ili patebulo.

Alendo obwera kudzaona mwana, chonde. Timakukondani, koma kufika n'kukhala pampando kudikira kuti mayi amene sanagone usiku akuphikireni, kenako potuluka n'kukanena kuti nyumba ija ndi yosasamalika, zidole paliponse, mbale zili musinki, ndi nkhanza zimenezo. Nyumba ya ana aang'ono imakonzedwa kangapo patsiku ndipo imasokonezekanso kangapo komweko, zimangotengera mwafika ola lanji. Mlendo wabwino amasamba m'manja, amalandira mwana n'kumuuza mayi kuti kagoneni pang'ono ndikudzutsani akafuna bere. Wina amangolowa kukhitchini n'kutsuka mbale osafunsa. Oterewa sitiwaiwala. Apongozi ndi azilamu amene mumabwera ndi malangizo ambirimbiri a mmene munkalerera ana anu, tikumva, koma limodzi ndi malangizowo tambasulaninso manja.

Ndipo tisamatulire katundu yense pa mwana wamkazi wamkulu m'nyumba. Mtsikana wa zaka 8 akhoza kusewera ndi mng'ono wake, akhoza kutumidwa thewera, koma kumusiyira khanda kuti aliyang'anire akuluakulu onse atachoka ndi kusiya ana awiri okhaokha. Chikachitika choipa adzanyamula mlandu umene sunali wake moyo wake wonse, komanso homuweki yake apanga nthawi yanji.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi mayi amene wasiya kudandaula. A WHO amati pafupifupi amayi 13 pa 100 alionse amene angobereka kumene amakhala ndi vuto la m'maganizo, makamaka matenda a kukhumudwa. Kulira popanda chifukwa masiku oyambirira mwana atabadwa kumachitikira amayi ambiri ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Koma zikapitirira pamenepo, munthu sakufuna kudya, sakugona ngakhale mwana atagona, sakusangalala ndi chilichonse, akudziona ngati mayi wolephera, mwinanso akuganiza zodzivulaza, ameneyo akudwala ndipo kuchipatala thandizo lilipo. Pakhomo m'malo momuperekeza amangoti wayamba ulesi, wasintha, akudzimva. Iye naye amaopa kunena chifukwa aliyense akumuuza kuti mwana ndi mphatso uzisangalala. Mphatso inde, ndani wakana, koma mphatso yake imadzuka kanayi usiku.

Nde a Mkonzi pempho langa ndi ili. Pa tsamba lanu la za pabanja muzilemberako abambo, achimwene, agogo ndi aneba zinthu zoti akhoza kuchita ndi manja. Muwafotokozere kasungunulidwe ka ORS, mankhwala aja obwezera madzi m'thupi, motsatira zolembedwa papaketi mwana akatsegula m'mimba, ndi kuti mankhwala a zinki mwanayo amamwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutasiya. Muwauze zizindikiro zoti athamangire kuchipatala osadikira mayi abwere, monga mwana kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kupuma mothamanga pachifuwa pakulowa mkati, kapena kufooka osadzuka bwinobwino. Muwakumbutse kuti kusikelo sikuletsa amuna, ndipo bambo aliyense adziwe pamene pamakhala kabuku ka kuchipatala ka mwana wake. Mufunsenso olemba anzawo ntchito kuti mayi woyamwitsa amakamira kuti mkaka pamalo pawo, chifukwa ambiri amakamira kutoileti.

Ndalemba izi pafoni ndi dzanja limodzi, ngati mwapeza zolakwika mukonze.

Ine wanu,
Mayi wa ana awiri