Tisamale zipata za Wi-Fi m'nyumba zathu kuno ku Joni

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale anga Amalawi amene tikukhala ku Johannesburg, makamaka ife amene timachita lendi pampanda umodzi ndi mabanja ena m'madera monga Rosettenville, Turffontein ndi Yeoville, pa nkhani ya mafoni achilendo amene amalowa pa Wi-Fi ya m'nyumba zathu eni ake tisakudziwa.

Mwezi wathawu intaneti ya kunyumba kwanga inayamba kuyenda ngati bilimankhwe, moti ndikaimbira mayi anga kumudzi pa WhatsApp mawu ankangodukaduka. Ndinayamba ndaloza chala kampani imene inatiikira intanetiyo, koma nditatsegula tsamba loyendetsera rauta, kabokosi kamene kamagawa Wi-Fi m'nyumba, ndinapeza zipangizo 17 zolumikizidwa, chonsecho m'banja mwathu muli mafoni anayi ndi TV imodzi basi. Sikuti kunabwera katswiri wothyola makompyuta ayi. Ndinali nditapatsa pasiwedi mnyamata wina wongofika kumene kuchokera kumudzi kuti adziwitse kwawo kuti wayenda bwino, ndipo iyeyo, mosaganizira zoipa, anagawirako anzake, anzakewonso anagawira ena. Ambiri sitidziwa kuti mafoni kuyambira pa Android 10 amatha kuonetsa QR code ya Wi-Fi imene alumikizidwako, chomwe ndi chithunzi cha timadontho chosunga pasiwedi, ndipo munthu wina akangoiloza ndi kamera ya foni yake ndiye kuti walowa, popanda kulemba chilembo ngakhale chimodzi.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti rauta ili ndi mapasiwedi awiri, ndipo ife timangosamala imodzi. Yoyamba ndi ya Wi-Fi imene tonse timaidziwa, pamene yachiwiri ndi yolowera m'tsamba loyendetsera rauta yeniyeniyo, lomwe limatseguka mukalemba 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pa foni yolumikizidwa, kapenanso 192.168.8.1 pa marauta ambiri a Huawei. Marauta ambiri amabwera ndi mawu akuti admin ngati dzina komanso pasiwedi, choncho aliyense amene walowa pa Wi-Fi yanu angathe kusintha zonse, ngakhale kukutsekerani panja inu amene mumalipira. Kumbukiraninso kuti munthu akadina kabatani ka reset, rauta imabwerera pa pasiwedi imene inalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwake, n'chifukwa chake si bwino kuiika pakhonde kapena pabalaza pamene aliyense amadutsa.

Mukalowa m'tsambalo, sankhani njira yotetezera Wi-Fi yotchedwa WPA2, kapena WPA3 imene inatuluka mu 2018 ngati rauta yanu ili nayo, ndipo pasiwedi ikhale yaitali kuposa zilembo 8 zimene zimafunika, osati nambala yanu ya foni kapena dzina la mwana wanu. Muzimitsenso WPS, njira yachidule yolumikizira foni ku rauta osalemba pasiwedi, chifukwa kuyambira mu 2011 zinadziwika kuti nambala yake ya manambala 8 siivuta kuithyola. Ena amadalira kutchinga foni iliyonse payokha pogwiritsa ntchito adiresi yake ya MAC, nambala imene rauta imazindikirira foniyo, koma ine ndinaona kuti ndi kutunga madzi ndi dengu, popeza mafoni a masiku ano amatha kusintha adiresiyi n'kubwereranso ngati foni yatsopano. Kusintha pasiwedi ndiye kumachotsa onse nthawi imodzi.

Ndikudziwa kuti chovuta kwa ife si luso, koma manyazi. Kumana mnzako pasiwedi kumaoneka ngati umbombo, makamaka kuno kumene tonse tinafika tilibe kanthu ndipo tinagona pa mphasa za ena. Komabe tisaiwale kuti intanetiyo inalembetsedwa m'dzina la munthu mmodzi, ndipo wina akachitirapo zachinyengo, apolisi akamafufuza amayambira pakhomo pa mwini dzinalo, zomwe si nkhani yaing'ono kwa mlendo m'dziko la eni. Olowa mozemba nawonso adziwe kuti lamulo la kuno ku South Africa la Cybercrimes Act la 2020, lomwe mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito mu December 2021, limaletsa kulowa dala m'makompyuta a ena popanda chilolezo.

Ine ndinatsegula netiweki ya alendo, imene marauta ambiri ali nayo, yokhala ndi dzina ndi pasiwedi yakeyake. Mlendo akafika ndimamupatsa imeneyo mosanyinyirika, ndipo ndimaisintha mwezi uliwonse tsiku limene ndalipira lendi.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg