Ali ndi ma credit 6 koma Chingerezi chamutsekera khomo: timulangize bwanji?

Okondedwa a Mlangizi,

Ndife aphunzitsi a pa sekondale ina yoyendera, ndipo mwa ntchito zimene tinapatsidwa muli yothandiza ana a Fomu 4 kudzaza mafomu a makoleji zotsatira za MSCE zikatuluka. Malamulo a mayesowa timawadziwa. Chatifikitsa kwa inu ndi nkhani ya mtsikana wina imene malamulo okha sakuimasula, chifukwa mwalowa ndalama, mwalowa amalume, ndiponso mapepala ake sakugwirizana. Dzina lake tilisunga, koma magiredi tiwalemba monga alili kuti inu ndi makolo owerenga tsamba lino muone pamene pali mfundo.

Kapepala kake ka zotsatira kakuti Chichewa 2, Agriculture 3, Biology 4, Geography 4, Masamu 5, Physics 6, Chingerezi 7, Chemistry 8.

Kwa amene anasiya sukulu kalekale, tikumbutse kuti pa MSCE nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, pomwe 9 ndiye kuti phunzirolo walephera. Bungwe la MANEB limapereka satifiketi kwa amene wakhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale la credit, kapena wakhoza maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi, atatu akhale a credit. Mtsikanayu wadutsa mlingo umenewu ndi patali. Wakhoza ndithu, ndipo a kwawo sanalakwitse kumuphera nkhuku.

Chimene chasokoneza banja ndi mapointi. Bambo ake anatenga bolopeni n'kuwonkhetsa m'mphepete mwa kapepala komweko manambala 6 aang'ono kwambiri: 2, 3, 4, 4, 5 ndi 6, anapeza 24, n'kuizunguliza kawiri. Mudzi wonse tsopano ukudziwa kuti mwana wapeza mapointi 24. Koma powonkhetsa mapointi Chingerezi sichitsala, chikhale chabwino kapena choipa. Ukachotsa Physics n'kuikapo 7 wa Chingereziyo, mapointi ndi 25. Ndipo pointi imodzi yowonjezerayo sindiyo ikutidetsa nkhawa ayi. Kuti munthu aloledwe n'komwe kupikisana nawo pa malo a m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, amafunika ma credit 6 ndipo Chingerezi chikhale m'gulu lomwelo. Mwana amene wapeza 6 pa maphunziro onse 6, Chingerezi chomwe, ali ndi mapointi 36, ndipo mwina sangasankhidwe, koma fomu yake iwerengedwa. Fomu ya mtsikana wathu wa 25 siifika n'komwe pa mpikisano. Izi makolo ambiri sazimvetsa, ndipo sitiwaimba mlandu, popeza zotsatira zikatuluka chimene chimamveka pa wailesi ndi pa msika ndi mapointi okhaokha.

Iye akufuna unamwino. Kumeneko ndiye 8 wa Chemistry uja akupwetekanso, chifukwa makoleji a zaumoyo sayang'ana mapointi okha. Amatchula maphunziro: Chingerezi, Masamu, Biology, ndi sayansi ija kale inkatchedwa Physical Science, imene tsopano inagawidwa kukhala Physics payokha ndi Chemistry payokha. Chichewa cha 2 ndi Geography ya 4 zimakometsa kapepala, koma pa khomo la unamwino sizilowa m'malo mwa phunziro limene latchulidwa. Ngakhale ku uphunzitsi, kumene ambiri amathawira, credit ya Chingerezi amaifunanso.

Pa zoti abwereze mayeso tonse tikugwirizana. Tagawanika pa kabwerezedwe kake. Mnzathu wina akuti angolemba Chingerezi ndi Chemistry basi ngati external, kutanthauza wolemba mayeso asali m'kalasi la Fomu 4, popeza ndalama ya mayeso imakwera malinga ndi kuchuluka kwa maphunziro, ndipo mwana akaika mtima pa zinthu ziwiri zokha sangalephere kukankha 7 kufika pa 5. Ndi maganizo omveka. Komabe maphunziro awiri paokha safika pa chiwerengero cha satifiketi chija, ndiye kuti moyo wake wonse aziyenda ndi mapepala a zaka ziwiri, n'kumapempha kuti awaphatikize. Malo ena amalola zotsatira za maulendo awiri, ena amalemba poyera kuti akufuna za ulendo umodzi, ndipo zimenezi zimadziwika pokhapokha chilengezo cha chaka chimenecho chatuluka, nthawi yolembetsa mayeso itadutsa kale. Onjezerani kuti zilengezo zimatchulanso zaka zimene munthu ayenera kuti analemba mayeso, choncho pepala loyambalo likukalamba pamene tikukambirana pano.

Ambirife tikupendekera kwakuti alembenso maphunziro 6: Chingerezi, Masamu, Biology, Physics, Chemistry, ndi Chichewa chimene amachidziwa kale, n'kusiya Geography ndi Agriculture. Akatero adzakhala ndi pepala limodzi lokwanira palokha. Choopsa chake sitikuchibisa. Physics ya 6 ili pa mapeto penipeni pa credit, ndipo mwana amene wakhala miyezi kunyumba akuthandiza kumunda angathe kuitsitsa n'kufika pa 7, n'kukonza kumodzi akuwononga kwina. Chemistry, Physics ndi Biology zili ndi mayeso a practical, ndiye kuwerenga yekha pakhonde sikungamuthandize kusakaniza mankhwala ndi kuwerenga burette, kachubu koyezera mankhwalawo. Afunika sukulu ya Open ya masana imene ili ndi labu ndi aphunzitsi a sayansi enieni, ndipo imeneyo ili kutali ndi kwawo, kutanthauza fizi, lendi ndi chakudya. Chingerezi nachonso sichikonzeka poloweza manotsi. Tinayang'ana mapepala ake a mock, ndipo galamala ya mayankho osankha amaikhoza bwino. Akugwera pa chimangirizo, pa summary ndi note-making, pamene amakopera ziganizo zathunthu za m'ndime m'malo mofupikitsa m'mawu akeake, komanso pa literature, pamene amafotokoza nkhani yonse ya m'buku osayankha chimene wafunsidwa. Matenda amenewa amachira ndi kulemba sabata ndi sabata, wina n'kumachonga ndi bolopeni yofiira. Inu mukanakhala ife, mwana wa banja losauka mukanamuuza kuti atenge njira iti?

Tsopano amalume. Mtsikanayu ali ndi amalume ake ku Johannesburg, ndipo ndiwo akhala akulipira fizi kuyambira Fomu 1, choncho mawu awo m'banjamo ndi olemera. Iwo zobwereza sakuzifuna n'komwe. Akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wakhoza kale, apite kumeneko akamulowetse pa koleji ina imene aipeza. Sitikukayika kuti akumufunira zabwino. Koma tinawafotokozera pa foni kuti ku South Africa satifiketi ya dziko lina imayamba yaunikidwa ndi bungwe la SAQA kuti aone mlingo wake, ndipo MSCE imafanana ndi O-Level, kotero payokha kawirikawiri siilowetsa munthu pa digiri. Tinawapemphanso kuti atsimikize ngati kolejiyo ndi yolembetsedwa ku boma la kumeneko, ndiponso ngati pepala lake lingadzavomerezedwe ndi bungwe loona za anamwino ndi azamba kuno kwathu mwanayo akadzafuna kubwerera. Yankho lawo linali lakuti aphunzitsi timakonda kuvutitsa zinthu zosavuta.

Kolejiyo yapempha transcript, ndipo apa ndi pamene tayima. Anthu amasakaniza mapepala amenewa, mwina chifukwa onse amakhala ndi chidindo. Kapepala ka zotsatira kamene mwana amakatenga ku sukulu mayeso akangotuluka ndi kongogwirizira podikira satifiketi, imene imabwera pambuyo pake kudzera ku sukulu komweko. Testimonial ndi kalata ya ahedi yonena za khalidwe la mwana ndi zaka zimene anakhala pa sukulupo. Transcript ya sekondale ndi ina: imaonetsa phunziro lililonse ndi malikisi ake, teremu ndi teremu, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo imachokera m'mabuku a sukulu. Ife tingalembe ya Fomu 3 ndi Fomu 4 mawa lomwe, chifukwa mabuku tili nawo. Fomu 1 ndi Fomu 2 anaphunzira pa sukulu ina yapulaiveti imene inatsekedwa. Nyumba zake pano ndi mosungira chimanga, mwini wake anasamuka, ndipo palibe akudziwa kumene mabuku anapita. Mwanayo watsala ndi ma report awiri okha mwa 6, limodzi linanyowa ndi mvula mpaka siginecha siikuoneka. Chomwe chikumupulumutsa pang'ono ndi chakuti mayeso a JCE, amene anathetsedwa kwa zaka zingapo, anabwerera mu 2021, ndiye ali ndi pepala la MANEB losonyeza kuti Fomu 2 anaimalizadi.

Amalume apeza njira yawo. Akuti pali mnyamata wina wa kompyuta m'tauni amene angakonze transcript ya zaka zinayi zonse, chidindo ndi siginecha zomwe, pa mtengo wochepa. Atalephera kutikopa pamenepo, anapempha kuti ifeyo tingolemba malikisi a Fomu 1 ndi Fomu 2 pa pepala la sukulu yathu ngati anaphunzira kuno, poti mwanayo timamudziwa nzeru zake. Zonse ziwiri takana. Kulemba malikisi amene sitinawaone ndi chinyengo, kaya mwanayo ndi wanzeru chotani, ndipo chikadzaululika wochotsedwa pa koleji ndi iyeyo, ndalama zitapita kale, mwinanso apolisi atalowererapo m'dziko la eni. Chimene taganiza ndi kutumiza transcript yathu ya zaka ziwiri, pepala la JCE, ma report awiri aja, ndi kalata ya ahedi yofotokoza mosabisa kuti sukulu yoyambayo inatsekedwa, kenaka kupempha ofesi ya maphunziro ya chigawo chathu, imene imayang'anira masekondale, kuti itsimikize kuti sukuluyo inalipodi. Kodi mtolo woterewu ungakwanire, kapena pali khomo lina limene sitinagogode?

Vuto lotsiriza la mapepala ndi dzina, ndipo ili likhudza njira iliyonse imene angasankhe. Ali ku pulayimale ankakhala ndi agogo ake akuchikazi, amene anamulembetsa ndi dzina la banja lawo n'kumuchepetsera chaka chimodzi, monga ankachitira ambiri poopa kuti mwana aoneka wamkulu. Dzina limenelo ndi limene layenda pa mayeso a Sitandade 8 (PSLCE), pa JCE mpaka pa MSCE. Pamene ankalembetsa chiphaso cha unzika atakwanitsa zaka 16, anapita ndi bambo ake, ndipo chiphasocho chili ndi dzina la bambo ndi chaka chenicheni chobadwira. Pa mapepala, awa ndi anthu awiri osiyana. Mpata wokonza unalipo nthawi yolembetsa mayeso, pamene ana amapatsidwa mndandanda kuti aliyense aone dzina lake, tsiku lobadwa ndi maphunziro ake asanasaine. Koma mwana wa Fomu 4 amangoona ngati zilembo zili bwino, saganiza zoyerekeza ndi chiphaso chimene chili m'chikwama kunyumba. Njira yodziwika ndi kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya, yonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Pa dzina imathandiza. Pa chaka chobadwa ndi pamene tikuda nkhawa, makamaka pasipoti ikadzalowapo, popeza iyo idzatsata chiphaso cha unzika. Ndiye akamalembetsanso mayeso alembe dzina liti? Akatsata chiphaso, pepala latsopano lidzasemphana ndi lakale, ndipo amene akuti alembe maphunziro awiri okha aja ayenera kuliona bwino vuto limeneli, chifukwa adzapempha koleji kuphatikiza zotsatira za mayina awiri. Akatsata dzina lakale, cholakwikacho wachikhazika mpaka kalekale. Ichi n'chifukwa china chimene ambirife tikunenera kuti alembe 6, pa dzina ndi chaka cha pa chiphaso, kuti pepala latsopanolo liziyenda lokha.

Koma a Mlangizi, zonsezi ndi zapapepala. Chotilemera kwenikweni n'chakuti mtsikanayo sakulankhula. Pamaso pa bambo ake amavomera zopita ku Joni, akakhala ndi aphunzitsi aakazi amalira kuti akufuna unamwino wa konkuno, komanso akuopa kuti anzake azimuseka kuti wabwereza pamene mudzi wonse unamva kuti anakhoza. Bambo ake akuona ngati tikunyoza 24 wawo uja. Amalume anena kale kuti akabwereza, ndalama yawo isayembekezeke, ndipo popanda iwo banjali silingakwanitse ngakhale ndalama ya mayeso yokha. Ife ndife aphunzitsi chabe, si abale, ndipo m'mudzi muno mphunzitsi akalowerera kwambiri za m'banja la eni amatchedwa wodzimva. Tingawafike bwanji amalumewa kuti amve popanda kuona ngati tawachotsa ulemu? Kodi n'koyenera kuti tipemphe amfumu kapena akuluampingo kuti akhalepo pokambirana, kapena kumeneko n'kukulitsa nkhani imene mwanayo akufuna ikhale yachinsinsi? Nanga akasankha yekha kumvera amalume pamene ife tikuona kuti njirayo ili ndi maenje, tilembe transcript ya zaka ziwiriyo n'kumutsanzika, kapena tiumirirebe?

Kulembetsa mayeso a chaka chamawa kutsekedwa teremu ino isanathe, ndipo kalata yolumbira ija iyenera kukhala itatheka tisanalembe dzina lake pa mndandanda. Tithandizeni msanga.

Ndife,
Aphunzitsi othandiza ana a Fomu 4,
m'boma la Ntcheu