Ndiwathokoze bwanji apulofesa anga popanda kuwaika m'mavuto?

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 21, ndili chaka chachitatu pa yunivesite ina ya boma komwe ndikuphunzira computer science. Nkhani yanga ikukhudza apulofesa amene amatiphunzitsa programming ndi data structures, dzina lawo sinditchula.

Ine ndinachokera ku CDSS kwathu ku Ntcheu komwe kompyuta tinkangoionera m'buku. Chaka choyamba anzanga a ku masukulu a pulayiveti anali akulemba kale mapulogalamu a kompyuta m'chiyankhulo cha Python ine ndisakudziwa ngakhale poseva fayilo, loni ikalowa imathera fizi, lendi ndi chakudya, ya laputopu osatsala. Code ndinkalemba papepala kenako nkukaima pamzere ku labu, magetsi akazima ndiye basi tsikulo lapita. Ndinkangoona kuti ndiwidedwa ndithu.

Apulofesa aja ndi amene anandiwombola, ndipo si ine ndekha. Loweruka m'mawa amatsegula labu kwa aliyense amene zikumuvuta, kwaulere, nkukhala nafe mpaka masana. Yankho sakupatsa ayi, amati werenga error yo mokweza, pita pamzere umene yatchula, tsopano tiuze mzere uliwonse ukuchita chani. Phunziro lina lotchedwa recursion, pomwe kachigawo ka pulogalamu (function) kamadziitana kokha, linkandizunguza mutu koopsa, iwo anandiimika pa bolodi kuti ndijambule factorial ya 4 (kuchulukitsa 1 × 2 × 3 × 4), function ikudziitana yokha kutsika mpaka pa base case, pomwe imasiyira kudziitana, kenako mayankho nkumakwera 1, 2, 6, 24, tsiku limenelo mpamene zinandilowa. Amatinso ChatGPT mufunseni, koma code imene simungathe kuifotokoza pamaso panga si yanu. Ataona kuti tilipo angapo opanda laputopu anapempha zakale za ku dipatimenti, anaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, poti imayenda bwino pa makina okalamba, nkutibwereka titasayina mu ofesi. Ine ndinalandira imodzi.

Vuto lili apa. Makolo anga atamva zonsezi akonza thumba la kachewere ndi mbuzi kuti ndikapereke, bambo anga mpaka akuti abwera okha adzawagwire chanza. Ndikuwamvetsa, kwathu munthu akakuchitira zabwino supita kwa iye chimanjamanja. Koma Azakhali apulofesawa akuchongabe mayeso anga, ndipo chaka chamawa mwina ndi omwe adzayang'anire pulojekiti yanga yomaliza. Panopa kale anyamata ena m'kalasi akunong'onezana zoti magiredi anga akwera chifukwa pali chibwenzi, chonsecho anyamata anzawo amene analandira malaputopu omwewo palibe akuwanena. Zimandiwawa kwambiri poti bambowa ndi apabanja, sanayambe andiitanapo pandekha, akamathandiza munthu chitseko cha ofesi chimakhala pululu. Ndiye mbuzi ikakaoneka pakhomo pawo anthu sadzati nchiphuphu? Ntchito itha kuwathera chifukwa cha ine, kapena atha kungokhumudwa nkusiya za Loweruka zija, ana a chaka choyamba ochokera kumudzi ngati ine nkusowa mtengo wogwira.

Nditayesa kuwaletsa makolo akuti sukulu yayamba kundinyaditsa, mayi anga masiku ano pa foni akungoyankha mwachidule. Ndinawauza maganizo anga oti tonse amene tinathandizidwa tilembe kalata yoyamikira kwa akulu a dipatimenti, komanso ineyo ndizikathandiza nawo ana a chaka choyamba Loweruka, bambo anga angoti kalata sadya.

Ndithandizeni chonde. Kodi makolowo ndiwapemphe kuti mphatsoyo idikire tsiku la graduation pamene magiredi onse adzakhale atatuluka, kapena ngakhale pamenepo sizoyenera? Ndiwafotokozere bwanji makolo kuti amve koma asaone ngati ndikunyoza mwambo wathu? Nanga za misechezi, ndikawauze apulofesawo asanazimvere kwina, ndikadandaule ku ofesi yoona za ophunzira, kapena ndingokhala chete?

Ine wanu wothedwa nzeru,
Mtsikana wa ku Ntcheu