Opita ku Poland, nkhomaliro mukadyere ku bar mleczny

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale athu a kuno kuchigwa cha Shire amene akukonzekera ulendo wa ku Poland, kaya ndi wa sukulu, wa mpingo kapena wa ntchito. Mlendo akafika ku Warsaw kapena ku Kraków amathamangira malesitilanti a pabwalo la mzinda wakale poti ndiwo amaonekera msanga, ndalama n'kuthera pomwepo. Chakudya cha eni dziko, chimene wophunzira angakwanitse tsiku ndi tsiku, chili ku bar mleczny.

Awa ndi malo odyera otchipa amene boma limathandizako ndi ndalama. Oyamba anatsegulidwa ku Warsaw mu 1896, ndipo anachuluka m'nthawi ya chikomyunizimu. Ku Warsaw funsani bar mleczny yotchedwa Prasowy pamsewu wa Marszałkowska kapena ina yotchedwa Bambino. Ku Kraków kwerani tramu, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda, mupite kudera la Nowa Huta. Mukalowa musakhale pansi kudikira woperekera zakudya, kulibe. Mndandanda uli pakhoma, kawirikawiri m'Chipolishi chokhachokha, ndiye lemberanitu papepala zimene mukufuna. Lipirani kaye, tengani lisiti, kaperekeni pakawindo ka kukhitchini, ndipo tcherani khutu chifukwa amaitana dzina la chakudya, osati la munthu. Mukatha, mbale mubweze nokha pawindo lina. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti chilichonse chili ndi mtengo wakewake: mukangotchula nyama, mulandira nyama yokha pambale. Mbatatesi ndi surówka, saladi wa kabichi kapena karoti wosaphika, muzitchule padera. Fikani pakati pa 1 ndi 3 koloko masana, nthawi ya obiad, chakudya chawo chachikulu. Madzulo miphika imakhala itapalidwa, ndipo ambiri mwa malowa amatseka msanga.

Nkhani yaikulu ndi kuwawasa. Kuno kwathu, ndi kutentha kwa ku Ngabu ndi Bangula, ndiwo zikawawasa timadziwa kuti zasasa, n'zotaya. Kumeneko kuwawasa n'kochita kufuna. Msuzi wa żurek amaupanga ndi ufa wa rye, mbewu yofanana ndi tirigu, woviikidwa m'madzi masiku 3 mpaka 5 kuti usase, monga thobwa logonetsa, kenako amathiramo soseji yoyera ndi dzira lowiritsa. Bigos ndi kabichi wosasitsa wophikidwa nthawi yaitali ndi nyama zosiyanasiyana, ndipo amakoma kwambiri akamutenthetsanso mawa lake. Musabweze mbale poganiza kuti akupatsani zoola. Koma mimba yosazolowera muyiyambitse pang'onopang'ono.

Poyambira pabwino ndi pierogi ruskie, timitanda ta ufa wa tirigu tokutira mbatatesi zopota ndi tchizi choyera, tophikidwa m'madzi owira n'kuthirapo anyezi wokazinga. Wosowa nsima aitanitse kasza jaglana, mbewu ya mtundu wa mchewere, kapena kasza gryczana, mbewu ina yotchedwa buckwheat m'Chingerezi. Amaziphika zosasinja koma zimakhalitsa m'mimba. Ife oweta ng'ombe flaki sitingaichite chilendo: ndi msuzi wa chifu chodulidwa mowonda. M'zakudya zawo kawirikawiri sathira tsabola wowawa, choncho kabotolo ka kambuzi m'chikwama si kolemera.

A Seventh Day ndi Asilamu achenjere kwambiri. Kotlet schabowy ndi nkhumba, soseji zambiri ndi nkhumba, ndipo smalec, yemwe malesitilanti ena amabweretsa ndi buledi musanaitanitse chilichonse, ndi mafuta a nkhumba. Ngakhale pierogi zopanda nyama nthawi zina amaziwaza tizidutswa ta nkhumba yokazinga pamwamba, ndiye nenanitu. Kaszanka ndi soseji ya magazi, pomwe tatar ndi nyama ya ng'ombe yaiwisi.

Zamakono nazo ziliko, koma m'maganizo mwanga n'zolawa kamodzi ndalama zikalola. Ophika amakono amatenga zinthu zomwezi, bowa wa m'nkhalango, bitiruti, tsekwe, nyama ya m'tchire, n'kuzikonza m'timbale ting'onoting'ono totsatizana. Lesitilanti ya Atelier Amaro ku Warsaw ndiyo inayamba kulandira nyenyezi ya Michelin, ulemu woperekedwa kwa malesitilanti ophika bwino koposa, m'dzikomo mu 2013, ndipo Bottiglieria 1881 ya ku Kraków inafika pa nyenyezi ziwiri mu 2023. Malo otere amafuna kusungitsiratu tebulo, ndipo munthu wozolowera mitanda itatu angatulukemo akadali ndi njala. Wa thumba lopepuka apite ku Hala Koszyki, msika wakale wa ku Warsaw umene unatsegulidwanso mu 2016, komwe ophika ambiri ali pansi pa denga limodzi. Apo ayi, afufuze nkhomaliro ya mtengo umodzi imene malesitilanti ambiri amagulitsa masana mkati mwa sabata. Usiku ku Kraków, pabwalo la Plac Nowy amagulitsa zapiekanka, buledi wautali wong'ambidwa pakati wootchedwa ndi bowa ndi tchizi.

M'lesitilanti ya operekera zakudya yang'anitsitsani mtengo wa nsomba, chifukwa kawirikawiri umakhala wa magalamu 100, osati wa nsomba yonse. Madzi akumwa amagulitsa. Nenani niegazowana ngati simufuna a mpweya. Woperekera amapatsidwa pafupifupi 10 peresenti. Ndipo popereka ndalama musafulumire kunena dziękuję, kuthokoza kwawo, chenji musanalandire, chifukwa iye amamva kuti yotsalayo ndi yake.

Wowerenga wanu,
Nchalo, Chikwawa